Singano Yako Ndinatsala Nayo Ndine

Lachiwiri, 14 Juni

Okondedwa ang'ono anga,

Ndine mkulu wanu, uja amayi ankati Makutu, ndipo chaka chamawa, Mulungu akalola, ndikwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu. Ndayamba ndi ulemu chifukwa ndikudziwa kuti nanunso tsopano ndinu agogo a anthu, koma mundilole ndibwerere pa iwe wathu wakale uja, pakuti zimene ndikufuna kunena sizingatuluke bwino ndikamakulankhulani ngati mlendo.

Uli bwanji, Mzime? Kuno tikudzuka. Mlamu wako mawondo ndiwo akumuvuta, makamaka kukazizira chonchi, koma pakamwa pokha pali bwinobwino, sipanadwalepo. Shopu ikadali pomwe unaisiya. Chitseko tinasintha, denga tinakhomanso kawiri, koma benchi ndi lomwe lija, ndipo bowo limene unaotcha ndi chitsulo chowotcherera mawaya likadalipo, ndimaikamo timisomali kuti tisagubuduke. Atelala a khomo loyandikana nalo anamwalira kalekale, pamakina pawo pakukhala mwana wawo wamkazi, amene unamusiya akukwawa. Naye tsopano ali ndi imvi, ndipo tonse timangomuti atelala. Mawailesi anthu sabweretsanso, akawonongeka amataya. Koma zodabwitsa, zaka zino anthu ayambanso kufukula magalamafoni a makolo awo m'zipinda zosungiramo katundu, nkumabwera nawo kuno ali fumbi lokhalokha, ndiye manja anga sanagone.

Usadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi. Ukudziwa kuti sukulu yanga inali iwe ndi timapepala ta pakati pa mbale za nyimbo. Ndikulemba ndi pensulo, pang'onopang'ono, ndipo ndikalakwitsa ndikufufuta.

Nkhani yoyamba ndi ya khutu. Lakumanzere linafa zaka zitatu zapitazo, sindinakuuze chifukwa ndinkati lina lilipo. Mwezi wathawu mlamu wako anandikokera kuchipatala atandipeza ndikukweza wailesi ya munthu mpaka kumapeto, ndikudandaula kuti ilibe mawu, pamene iyo ikusokosera msewu wonse. Kumeneko anandiveka zomvera m'makutu, namwino nkundiuza kuti ndikamva kulira ndizikweza dzanja. Ndinakhala phee, dzanja pabondo, kudikira kuti ayambe. Patapita nthawi ndinafunsa kuti, "Mayi, muyamba liti?" Iye anandiyang'ana nkunena kuti, "Agogo, tatsala pang'ono kumaliza."

Adokotala sanandinamize. Anati lakumanjali nalonso likutseka, tsiku sangalidziwe, mwina chaka, mwina osakwana. Anati oyamba kuchoka ndi mawu aang'ono, a mbalame, a ana, a amayi. Mlamu wako anayesa kundiseketsa potuluka. Anati, "Nanga chasintha n'chiyani? Inu mawu a mkazi munayamba mwawamverapo?" Ndinaseka kuti asadandaule, koma m'basi monse mtima unali kwina, chifukwa adokotala ponena kuti mawu a amayi ankanena za akazi onse, koma ine ndinamva za amayi athu.

Mzime, ndaiwala mawu awo. Nkhope ndikuiona, ngakhale kachipsera ka padzanja kamene anapsa ndi simbi ndikukaona. Zimene ankanena ndikuzikumbukira zambiri. Koma kamvekedwe kake kanachoka, ndikayesa kuwalankhulitsa m'mutu mwanga amalankhula ndi mawu a mlamu wako.

Ukukumbukira tsiku la makina odulira mbale? Bambo uja ankayenda m'matchalitchi kujambula makwaya anabweretsa makina ake kuti tikonze, ndipo titamaliza anatipatsa mbale imodzi yosalemba kanthu kuti tiyesere. Mbale zija zinali zachitsulo mkati, kunja zokutidwa ndi utoto wakuda wofewa, woti ukaukanda ndi chikhadabo umatsala ndi chizindikiro. Tikukangana kuti tiyikepo chiyani, amayi analowa ndi dengu la chakudya chamasana. Iwe unawagwira pamkono nkuwaimika kutsogolo kwa cholankhulira.

"Amayi, nenani kanthu apa."

"Ndinene chiyani kwa chitsulo? Chili ndi makutu?"

"Chilibe, koma chimasunga."

"Chizisunga. Inu idyani chakudya chisanazizire, ana opanda nzeru inu, ndevu pepeya koma kusewera ngati tiana."

Kenako anaseka, ndipo titawachonderera anaimba kanyimbo kaja ankaimba akamasita. Chakumapeto, utawauza kuti malo atsala pang'ono, ananena kanthu kwa iwe, nkunenanso kanthu kwa ine. Ndikukumbukira kuti tonse awiri tinasowa poyang'ana. Koma chimene ananena, ndayesa kuchifunafuna zaka zonsezi, sindikuchipeza.

Mbale imeneyo tinaimvera katatu kokha. Unaika lamulo ndiwe, kuti isadzayikidwe pa galamafoni ina iliyonse koma yathu yabwino ija, ya mkono wopyapyala ngati phesi la udzu, yokhala ndi singano yofewa. Ndikati singano ndikunena ndi kamutu kake komwe, monga tinkanenera pa benchi. Ine masiku amenewo ndinkangodziwa ndi khutu kuti galamafoni iyi ikuimba bwino, iyi ikudwala. Chifukwa chake unandiphunzitsa ndiwe, utawerenga m'mabuku ako aja. Unandionetsa pa galasi lokuzira zinthu kuti singano iliyonse ili ndi msana, kamtengo kakang'ono kozikika m'kamphira, ndipo kamphirako kena ndi kofewa, kena ndi kolimba. Unati ya msana wofewa imafuna mkono wopepuka, ya msana wolimba imafuna mkono wolemera. Nditakuyang'ana ngati ukulankhula chilankhulo china, unanditulutsa panja nkundilozera pamsewu. Unati, "Achimwene, mwaiona lole ilibe katunduyo mmene ikudumphira? Imeneyo ndi singano yolimba pa mkono wopepuka. Nanga kagalimoto ako asenzetsa matumba a simentiko, mwaona mmene kakukwawira ndi mimba? Imeneyo ndi singano yofewa pa mkono wolemera." Kuyambira tsiku limenelo sindinasokonezenso. Iwe unkawerengera ndi pensulo, ine ndinkatsitsa singano pa mbale yoima, nkugogoda thabwa ndi chala, nkuyang'ana mmene mkono ukugwedezera mutu. Ukamavomera pang'onopang'ono ngati nkhalamba yosinza pamsonkhano, ndiye kuti walemera. Ukamanjenjemera ngati wagwidwa malungo, wapepuka. Ndipo kawirikawiri pensulo yako ndi chala changa zinkagwirizana.

Ukukumbukiranso anthu a makhobidi? Singano ikamadumpha ankamangirira khobidi pamutu pake ndi kalabala, ena awiri, wina anabwera atamangirira nati ya njinga. Iwe unkawakalipira mpaka thovu kukamwa. Unkati, "Bambo, apa simukuimba mbale, mukulima!" Utachoka, ntchito yokalipayo inatsala ndi ine, ndipo ndaigwira mokhulupirika, funsa aliyense pamsewu uno.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira. Pensulo ndinaiika pansi dzulo pamalo ano, lero ndaitolanso.

Chaka chimene unapeza ntchito kutali kuja, zaka makumi anayi ndi zinayi zapitazo, unati, "Achimwene, shopu, benchi ndi zida zonse tsalani nazo, ine nditenga galamafoni yokhayi." Ndinati tenga. Pakamwa ndinati tenga, koma mumtima munali moto. Amayi anali atayamba kale kutupa miyendo, ndipo ine ndinkaona kuti wophunzira akupita kokaona dziko, wosaphunzira akutsala ndi beseni ndi mankhwala. Sindinakuuze zimenezi, ndipo ndikudziwa tsopano kuti ndikanakuuza mwina tikanangokangana tsiku limodzi nkutha.

Mmawa wa tsiku lonyamuka unamanga bokosi la galamafoni ndi chingwe, nkupita kukafuna galimoto yonyamula katundu. Ine ndinamasula chingwecho. Timisomali tiwiri, timawaya tinayi, basi, ntchito yosakwana nthawi yomwera kapu ya tiyi. Ndinachotsa singano yako yofewa ija nkuiika m'thumba la malaya. M'malo mwake ndinamangapo ya msana wolimba yochokera m'dilowa, imodzi mwa zija tinkazidontheza utoto wobiriwira pamwamba kuti tizidziwa kuti ndi za m'shopu. Ndinatseka bokosi, nkumanganso chingwe mfundo yako yomwe ija, yopitiriza kawiri. Utabwera ndinakuthandiza kukweza m'galimoto, ndipo ndinauza woyendetsa kuti ayende bwino pamabampu chifukwa muli katundu wosachedwa kuwonongeka.

Sindinkaifuna singanoyo. Ndinalibe mkono woyenerana nayo, ndipo ndinkadziwa. Ndinkangofuna kuti nawenso, ukafika kumene ukupitako, upeze kuti china chake chatsala kuno.

Ndikudziwa kuti unazindikira tsiku lomwelo unatsegula bokosi. Ngakhale ukanapanda kuyang'ana, ng'oma yoyamba kulira pa mbale singanoyo ikanadumpha ngati lole yako ija. Ndinadikira kalata yonditukwana, ndipo ndinali nditakonza kale zoyankha. Kalata inabweradi, koma munali moni kwa amayi, za nyumba imene unapeza, ndi mawu akuti katundu yense wafika bwino. Yense, Mzime. Ndinawerenga mawu amenewo ndi chala mpaka pepala linada.

Cholakwa changa chachiwiri ndi ichi. Amayi atamwalira unafika titaika kale, si vuto lako, uthenga unachedwa ndipo njira ndi yaitali. Koma ine ndinali nditatopa ndi zaka ziwiri za matenda, ndipo ndinkafuna wina woti ndimusenzetse kutopako. Unabwera ku shopu, unakhala pampando wako, nkufunsa ndi mawu apansipansi kuti, "Mbale ya amayi ija ili kuti?" Ndinati inasweka. Iwe ndi ine tonse tinkadziwa kuti mbale yachitsulo mkati sisweka. Unayang'ana pashelefu nthawi yaitali, kenako unati, "Chabwino, achimwene." Mmawa mwake unakwera basi. Kuyambira pamenepo takhala anthu otumizirana moni kudzera mwa akazi athu ndi ana athu.

Mbaleyo ilipo. Inali pashelefu pomwe unkayang'anapo, m'chikuto cha mbale ina ya kwaya. Zaka zonsezi sindinaiimbe. Ndi singano zolimba zimene ndili nazo kuno, zofuna kupondereza kwambiri, utoto uja ukanapalika nkusanduka fumbi lakuda, mawu nkuthera pa kansalu kopukutira. Lamulo lako ndinalisunga, ngakhale mwini lamulo ndinamubera.

Ndinalisunga mpaka Lachisanu la sabata yatha.

Nditachokera kuchipatala kuja ndinayamba kuwerenga miyezi. Ndinatsitsa kachitini kamene ndinasungamo singano yako, yokulungidwa m'thonje, kutali ndi dzuwa. Ndinkaopa kuti kamphira kake kauma ndi ukalamba ngati mwini kuba, koma nditakhudza msana wake ndi nsonga ya kaburashi, unagonja nkubwerera. Galamafoni yabwino imene ndili nayo ndi yaikulu ija ya m'holo yovinira, ya mkono wonenepa ngati chogwirira cha ketulo. Ndinadziuza kuti ndikabweza kumbuyo chitsulo cholemera chija cha kuchigongono kwa mkono, singano izingokhudza mbale pang'ono, zitheka. Mzime, ndinkadziwa kuti ndikudzinamiza. Mawu ako ndinkawamva: "Achimwene, chitsulo cha kumbuyo chimachepetsa kupondereza, sichichotsa thupi la mkono. Sikelo ikhoza kulingana ndi nthenga ziwiri, ikhozanso kulingana ndi matumba awiri a simenti, koma ikayamba kugwedezeka, ya simentiyo simungaiimitse ndi chala." Ndinamva, koma ndinapitiriza kumanga timisomali.

Ukudziwa kuti shopu yathu ndi ya atelala zimagawana matabwa a pansi, ndipo makina awo opalasa ndi phazi akayamba, benchi lathu limavina. Ndiye ndinapita kukawapempha.

"Atelala, mundiyimire kaye pang'ono, ndili ndi wodwala wofunika bata."

"Mphindi zingati, mkulu? Ndili ndi diresi la munthu wolusa, akubwera masana ano."

"Zisanu zokha."

"Zisanu zanu ndimazidziwa. Chabwino, ndizisokerera mabatani ndi manja."

Ndinabwerera, ndinatseka chitseko, ndinatulutsa mbale m'chikuto. Yapindika pang'ono mbali imodzi, mwina ndi kutentha kwa malata zaka zonsezi, koma utoto sunasendeke. Pakati pali zilembo zako za inki, AMAYI, ndi tsiku. Nditaona zilembozo ndinakhala pansi. Ndinaimirira, ndinapukuta mbale, ndinakhalanso. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji, atelala akuti inapitirira theka la ola, ndipo poona kuti kuli zii anaganiza kuti ndamaliza kalekale.

Ndinakokera sipika pafupi, ndinagunditsa khutu lamanja pa nsalu yake, nkutsitsa mkono. Kunamveka kuwaza ngati mvula ya patali. Kenako iwe, mawu a mnyamata, wopanda chifuwa. Kenako iwo. "Ndinene chiyani kwa chitsulo?"

Mzime, mawu awo ndi aang'ono kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo amakwera kumapeto ngati akufuna kuseka. Ndinawamva ngati ali kuseri kwa khoma, koma ndinawamva.

Maso anga anali pa mkono, ndipo ndinaona zimene ndinkadziwa kuti ndiona. Popindika paja pakafika, mkono wonenepawo unkakwera mochedwa nkutsika molemera, msana wa singano nkupindika mpaka mimba ya kamutu kutsala pang'ono kukhudza mbale. Mawu a amayi anayamba kunjenjemera ngati akulankhula ali pangolo. Ndinayenera kukweza mkono pomwepo. Ndinati kamodzi kokha, ndimve aseke. Nthawi yomweyo atelala anaponda makina awo. Matabwa anagwedezeka, mkono unavomera kamodzi, kawiri, kachitatu unadumpha nkutsetsereka chopingasa. Phokoso lake ngakhale khutu langa lakufa linamva.

Chimene ndinachita pambuyo pake ndi chimene chandipangitsa kulemba kalata ino. Sindinazimitse. Dzanja langa linapita lokha m'thumba. Atelala atamva kukuwa kwanga anathamangira kuno, ndipo anandipeza khobidi lili pakati pa zala, ndikulilozetsa pamutu pa singano.

"Mkulu! Si inu mumathamangitsa anthu pakhomo pano chifukwa cha zimenezo?"

Ndinayang'ana khobidilo ngati wandigwiritsa ndi munthu wina. Iwo anazimitsa galamafoni okha, nkundikhazika pampando. Anayamba kupepesa, misozi ili m'maso, ine ndinati wolakwa si inu, munandipatsa mphindi zisanu ndipo ine ndinatenga makumi atatu. Kenako anafunsa kuti, "Mawu ndinamva ndikuponda aja, ndi mayi anu?" Ndinati eya. Anati, "Amakalipa ngati inu ndendende." Ndinawafunsa kuti anamva mpaka pati, pakuti iwo ali kuseri kwa khoma anamva zambiri kuposa ine amene ndinagunditsa khutu.

Ndayang'ana mbaleyo pa galasi. Pali mzere woyera kuyambira pamene iwe ukuti chimasunga mpaka pamene akuyamba kuseka. Pamenepo padzakhala pakugogoda nthawi zonse, ndipo mawu ena apita. Ndawononga ndine, ndipo mbaleyo si yanga ndekha. Koma nyimbo yonse ili bwino, ndi za kumapeto zija sizinakhudzidwe.

Mwina ufunsa kuti bwanji osafuna mkono wopepuka konkuno. Ndinafunsafunsa. Magalamafoni atsopano amene ndaona m'masitolo a kuno mitu yake ndi yomatirira, sungachotse nkuikapo ina. Mwa amene anthu amabweretsa, mkono umodzi wokha unali wopyapyala bwino, koma unali wokhwefuka pachigongono, unkagwedera uku ndi uku, sindikanauyandikiza pa mbale imeneyi. Ndinene zoona, sindinafunefune kwambiri. Ndinkadziwa kumene kuli mkono wake.

Ndinadziwa chifukwa cha chithunzi. Chaka chatha, mlamu wanga, mkazi wako, atatisiya, mwana wako wamkazi anatitumizira chithunzi chako uli pampando m'chipinda chochezera, kuti tione kuti ukulimba. Pepa kuti sindinalembe ndekha nthawi imeneyo, ndinatuma mlamu wako, ndipo zinandichititsa manyazi. Wakalamba, Mzime, wafanana ndi abambo. Kumbuyo kwako, pa kabati, pali galamafoni, kansalu kake kovundikira katapindidwa pambali. Ndinapita nacho chithunzicho ku benchi nkuchiyika pansi pa galasi. Mkono ndi womwe uja, wopyapyala. Ndipo pamutu pake pali kadontho kobiriwira.

Ndinapukuta galasi nkuyang'ananso. Kadonthoko kalipo. Zaka makumi anayi ndi zinayi, iwe amene unkadziwa za singano kuposa munthu aliyense amene ndinamuonapo, iwe amene ukanalowa m'sitolo iliyonse kumeneko nkugula yofewa yoposa imene ndinatenga, sunasinthe. Sindikudziwa ngati unaisiya kuti izikukumbutsa mtundu wa mkulu amene uli naye, kapena unkadikira kuti mwini kuchotsa abweze yekha. Ndaganiza zonse ziwiri, ndipo tsiku lina ndimakhulupirira ichi, tsiku lina icho. Chithunzicho ndinachibisa m'dilowa, ndipo ndinakhalanso chete chaka chathunthu. Likanapanda khutuli, mwina ndikanafa ndili chete. Sindikudzitama kuti ndalemba chifukwa cha mtima wabwino, ndalemba chifukwa nthawi yandithera.

M'kaphukusi kamene kabwera ndi kalata ino mupezeka bokosi la machesi. Utsegule pa tebulo, osati pamiyendo. Singano yako ili m'thonje, timisomali take tiwiri ndatikulunga patokha m'kapepala. Ndaiyang'ana pambuyo pa ngozi ija, nsonga ili bwino ndipo msana sunakhote, koma uyese kaye pa mbale imene suisamala, chifukwa maso anga si a kale. Mlamu wako anandiona ndikumanga kaphukusiko nkunena kuti, "Inu mutu wanu ukuyenda? Mukufuna kumva mbale, ndiye mukutumiza singano kutali? Bwanji osamupempha atumize mkonowo kuno?" Ndinati sindingapemphe chinthu kwa munthu ndisanamubwezere chake. Anapukusa mutu, koma chingwe anandigwirira ndi chala pomanga mfundo.

Ndiye tsopano zinthu zili chonchi: singano ndi mkono zili kwa iwe, mbale ili kwa ine. Mbaleyo ndikuopa kuiika pa positi. Utoto wake wakalamba, akaiponyera m'thumba limodzi ndi katundu wina kapena ikakhala padzuwa tsiku limodzi, udzasendeka ngati khungu la mbatata yophika. Komabe ukanena kuti nditumize, ndidzaimanga pakati pa matabwa awiri nkutumiza, osafunsa kanthu, pakuti iwe waidikira nthawi yaitali kuposa ine ndipo makutu ako, ndikukhulupirira, akadali amoyo. Mmodzi wa ife akamva zimene ananena kumapeto kuja, akhoza kulembera mnzake.

Kungoti mkono ngati umenewo nawonso suyenera kuyenda wokha. Ngati ungaganize zoti galamafoniyo ibwere kuno, uchotse kaye chitsulo cha kumbuyo nkuchikulunga pachokha, mkono uumange pa kachotsamira kake ndi kansalu, osati waya, ndipo bokosilo lisapite pamwamba pa basi kapena kumbuyo ndi masutikesi. Liyenera kukhala pamiyendo pa munthu njira yonse, munthu wodziwa chimene wanyamula. Sindikudziwa ngati kumeneko kuli munthu wotero kupatula mmodzi.

Mlamu wako akupereka moni wambiri. Dzulo anatulutsa matiresi a m'chipinda chaching'ono kuti awombedwe dzuwa, ndipo nditamufunsa kuti kukubwera ndani anati palibe, amangodana ndi fungo la chinyezi. Lero wandituma kuti ndikonze mwendo wa bedi la mmenemo. Ana anga onse ali bwino kumene ali, ndipo wamkulu uja, amene unkamunyamula pakhosi, nayenso ali ndi mdzukulu. Atelala akuti ndikuuze kuti sakukudziwa, koma tsiku limene tidzaimbe mbaleyo adzatseka shopu yawo kuyambira mmawa, ngakhale kutabwera diresi la mkwatibwi. Undiperekere moni kwa mwana wako wamkazi, umuuze kuti atate ake aakulu akuthokoza chifukwa cha chithunzi, iye sakudziwa chimene anatumiza. Moni kwa adzukulu ako onse, amene sindikudziwa ngakhale mayina awo.

Undiyankhe, Mzime, ndipo undiyankhe ndi kalata, chifukwa pa foni ndimangomva ngati munthu akulankhula m'madzi. Ngati wakwiya, lemba kuti wakwiya, ndiwerenga mpaka kumapeto osadumpha mzere. Ngati ukubwera, usavutike ndi mawu ambiri, ungolemba mwezi, kuti ndidziwe kuti khutu ili ndilipemphe lidikire mpaka liti.

Ndine mkulu wako,
Makutu